Ulendo wa pa Ndege Wochokera ku London Kunka ku Johannesburg

Pamene mvula yoyamba yagwa, ndipo inswa zayamba kutuluka, ana a m'midzi amaona anamzeze ambiri alikuuluka munsimunsi pamwamba pa madambo, nasaka tizirombo touluka. Ana ambiri amayesa kuti mbalamezi zimakhala pomwepo chaka chonse, koma si chomwecho ai. Anamzeze ena ndi a kuno ndithu, koma ena ndi alendo ochokera ku Ulaya, amene athawa chisanu cha kwao. M'chaka cha 1911 munthu wina wa ku England anabveka namzeze kamphete kolembedwa kumwendo, namtaya. M'mwezi wa December 1912 namzeze yemweyo anagwidwa ku Natal, m'dziko la South Africa, kamphete kali kumwendo. Pamenepo anthu anadziwa kuti kambalame kosadzaza m'dzanja kangathe kudutsa Africa yense ndi mapiko ache.

Namzeze amatha masabata angapo pa ulendo umenewu. Koma lero munthu amayenda njira yomweyo usiku umodzi wokha. Amadya chakudya cha madzulo ali pamwamba pa France, namadzuka m'mamawa ali pafupi ndi Johannesburg, mzinda wa migodi ya golide umene anthu a kuno amautcha Joni, kumene amuna ambiri a m'midzi yino akhala akunka kukagwira nchito. Phunziro ili lifotokoza za kutalika kwa ulendo umenewu, za maola amene ndege imatha m'mwamba, ndi za mabvuto amene anthu anapirira kuti ulendo wa miyezi usanduke wa maola.

1. Za kutalika kwache

Bwalo lalikulu la ndege la ku London dzina lache ndi Heathrow, ndipo la ku Johannesburg ndi O. R. Tambo, dzina limene linapatsidwa m'chaka cha 2006. Kuchokera pa bwalo lina kufikira pa linzache pali mtunda wa makilomita pafupifupi 9,070, ndiwo mailosi oposa 5,600. Chiwerengero chotere nchapatali kuchimvetsa, choncho kuyenera kuchiyerekeza ndi zinthu zodziwika. Nyanja ya Malawi, kuyambira kumpoto kufikira kumwera kumene mtsinje wa Shire utulukira, iri ndi makilomita pafupifupi 580 m'litali mwache. Munthu atalumikiza nyanja zotere 15, sangafikebe. Afunika kuonjezapo theka la ina ndi kanthu. Munthu wamphamvu woyenda pansi makilomita 30 tsiku ndi tsiku, wosapumula ngakhale tsiku limodzi, angathe masiku 302, ndiyo miyezi 10. Atanyamuka nthawi yobzala, angafike anzache atakolola kale, alikukonza minda ya chaka china.

Kodi mtunda umenewu anauyesa bwanji, popeza palibe mseu m'mwamba? Dziko lapansi liri lobulungira monga lalanje, ndipo kulizungulira pakati pache ndi makilomita 40,000 ndi pang'ono. Mwana atatenga dzungu lobulungira bwino, nabaya minga iwiri potalikirana, nakoka ulusi kuchokera pa munga wina kufikira pa unzache, ulusi wokokedwa zolimbawo udzagona pa njira yaifupi yoposa zonse. Akatswiri amachita chimodzimodzi ndi masamu, pakuti amadziwa malo enieni a bwalo liri lonse. Makilomita 9,070 aja ndiwo utali wa ulusi wotere, ndipo atsala pang'ono kukwana gawo limodzi la magawo anai a kuzungulira dziko lonse.

Ulusiwo ukayalidwa pa mapu, udutsa kanyanja kolekanitsa England ndi France, nudutsa France, nuoloka nyanja ya Mediterranean. Ukalowa mu Africa upyola chipululu chachikulu cha Sahara, kumene ndege imatha maola osaona mudzi, koma mchenga ndi miyala yokha. Pambuyo pache pabwera nkhalango zowirira za pakati pa Africa, kumene ndege ioloka Ikweta, mzere wongoganizira umene ugawa dziko pakati. Potsiriza itsika cha ku Botswana nifika ku Johannesburg. Koma ndege sitsata ulusiwo ndendende. Nthawi zina imalambalala mitambo ya mphezi, ndipo nthawi zina imapewa dziko limene muli nkhondo. Chotero mtunda woulukadi umaposa pang'ono wa pa mapu.

2. Za maola a m'mwamba

Ndege zazikulu za masiku ano zimathamanga makilomita pafupifupi 900 pa ola limodzi, ndiwo makilomita 15 pa mphindi imodzi. Ndege yotere ingathe utali wonse wa Nyanja ya Malawi mphindi 40 zisanakwane, mai wophika nyemba asanaziphule pamoto. Tsono wophunzira akagawa 9,070 ndi 900, apeza 10 ndi kanthu kochepa. Lamulo lache ndi ili: mtunda ukagawidwa ndi liwiro, chotuluka ndicho nthawi.

Koma a kampani za ndege amalemba kuti ulendowu ndi wa maola 11, kapena kuposerapo pang'ono. Kodi ola linalo lichokera kuti? Ndege siyamba ndi liwiro lache lonse. Iyamba yayenda pang'onopang'ono pabwalo monga galimoto, nidikira kuti zinzache zinyamuke. Ikanyamuka imatha ngati theka la ola irikukwera, ndipo pofika imatha nthawi yonga yomweyo irikutsika ndi kuchepetsa liwiro. Pa bwalo lotanganidwa monga Heathrow, nthawi zina imauzidwa kuzungulira m'mwamba kufikira mpata utapezeka. Mphindi zonsezi zikaphatikizidwa zimakwana ola.

Chinanso chimene chimasintha nthawi ndicho mphepo. Asodzi a kunyanja adziwa bwino kuti kupalasa bwato molimbana ndi mwera nkolemetsa, koma mwera ukakhala kumbuyo bwato limathamanga. Ndege nayonso iri chomwecho. Kumwamba kwenikweni kuli mphepo zamphamvu zoomba kuchokera kumadzulo kunka kum'mawa. Chifukwa chache ndege yochokera ku London kunka ku New York, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,550, imatha maola ngati 8 popita, koma ngati 7 pobwera. Pa ulendo wa ku Johannesburg mphepozi zimaomba cham'mbali, pakuti ndege irikuchokera kumpoto kunka kumwera; chotero nthawi yopita ndi yobwera sizisiyana kwambiri.

Ndege imauluka pamwamba makilomita 10 kapena 12 kuchokera pansi. Nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje iri mamita 3,002. Ndiye kuti ndege imakwera kuposa katatu kutalika kwa Sapitwa. Imakwera chotero chifukwa kumwambako mpweya ndi wopepuka, suitchinga kwambiri, ndipo mafuta sakutha msanga. Koma kumeneko kuli chisanu choopsa choposa cha m'dziko liri lonse la kuno, ndipo mpweya ndi wosakwanira kuti munthu apume. Chifukwa chache ndege imatsekedwa ndithu monga botolo, ndipo makina amapopera mpweya m'kati kuti a paulendo apume bwino.

Kuwerenga mtunda ndi maola si masewera a m'kalasi okha, pakuti miyoyo ya anthu 200 kapena 300 imadalira masamu amenewa. Woyendetsa galimoto mafuta akamthera amaima pambali pa mseu, koma m'mwamba mulibe poima. Ndege isananyamuke, oyendetsa amawerenga kulemera kwa anthu ndi katundu, naona za mphepo ya tsikulo, nawerenga mafuta ofunika. Mafutawo ndi amtundu wa parafini wa m'nyale, amasungidwa makamaka m'mapiko, ndipo pa ulendo uwu amapitirira matani 50. Lamulo liwakakamiza kuonjezapo ena, okwanira kufikira pa bwalo lina ngati loyambalo latsekeka ndi nkhungu, ndi enanso odikirira m'mwamba. Ndiponso popeza munthu sangakhale maso usiku wonse osatopa, oyendetsa amakhala oposa awiri kuti azipumula mosinthana.

Bwalo la ku Johannesburg liri ndi bvuto lachelache. Heathrow ali pafupi ndi msinkhu wa nyanja yamchere, koma O. R. Tambo ali pamwamba mamita pafupifupi 1,700. Pamalo okwera chotere mpweya ndi wopepuka, makamaka dzuwa likatentha, ndipo mapiko sanyamula msanga ndege yolemedwa ndi mafuta. Chifukwa chache njira yothamangiramo ndege pa bwalo limenelo ndi yaitali makilomita oposa 4.

3. Za mawochi osiyana

Mlendo wina anganyamuke ku London 7 koloko madzulo m'mwezi wa December. Atauluka maola 11, wochi yache ya pamkono idzanena kuti ndi 6 koloko m'mawa, koma wochi ya pabwalo ku Johannesburg idzanena 8 koloko. Palibe wochi yonama. Dziko limatembenuka kamodzi pa maola 24, ndipo maiko a kum'mawa amayamba kufika pa usana asanafike a kumadzulo. Johannesburg ali kum'mawa kwa London madigiri 28, ndipo madigiri 15 ali onse amasiyanitsa nthawi ndi ola limodzi; chotero mawochi a ku South Africa amatsogola ndi maola 2. Nthawi ya ku South Africa ndi yofanana ndi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Koma kuyambira kumapeto kwa March kufikira kumapeto kwa October anthu a ku Britain amatsogoza mawochi ao ndi ola limodzi, ndipo pa miyezi imeneyo kusiyana kumatsala ola limodzi lokha.

Nyengo nazo zimasinthana. Mlendo wa mu December uja amachoka ku London atabvala jekete lochindikala chifukwa cha chisanu, nafika ku Johannesburg m'nyengo ya dzinja, kukutentha, mvula irikugwa ndi ziphaliwali. Ichi ndicho chimene namzeze amatsata chaka ndi chaka.

4. Za oyamba kuyenda njirayi

Makedzana njira inali ya pamadzi yokha. David Livingstone anachoka ku England mu December 1840 pa chombo cha matanga, nafika ku Cape Town mu March 1841, atatha miyezi itatu panyanja. Patapita zaka 100, sitima zonyamula makalata zinkayenda kuchokera ku Southampton kufika ku Cape Town masabata awiri, ndipo wonka ku Johannesburg ankakweranso sitima ya pamtunda tsiku lathunthu ndi usiku.

Ndege yoyamba ya injini inauluka pa 17 December 1903 ku America. Anaipanga anali abale awiri, Wilbur ndi Orville Wright, ndipo inakhala m'mwamba masekondi 12 okha, niyenda mamita 37, osakwana ngakhale theka la bwalo la mpira. Zisanathe zaka 17, amuna awiri a ku South Africa, Pierre van Ryneveld ndi Quintin Brand, anayesa kuuluka kuchokera ku England kunka kwao. Ananyamuka pa 4 February 1920 pa ndege yotchedwa Silver Queen. Ndegeyo inaphwanyika potera usiku kufupi ndi mtsinje wa Nile, koma iwo anapulumuka. Anapatsidwa yachiwiri, napitirira nayo kufikira ku Bulawayo. Kumeneko inalephera kukwera chifukwa cha kulemedwa ndi kupepuka kwa mpweya, niphwanyikanso. Osataya mtima, anakwera yachitatu, nafika ku Cape Town pa 20 March, atatha masiku 45. Maola amene anakhaladi m'mwamba anali pafupifupi 110. Masiku ena onse anathera pa kukonza ndi kudikira.

M'chaka cha 1932 kampani ya Imperial Airways inayamba kunyamula makalata ndi anthu kuchokera ku London kunka ku Cape Town, ulendo wa masiku 11. Ndege zinkauluka usana wokha, ndipo usiku alendo ankagona m'nyumba zogona alendo. Chigawo china cha ku Ulaya ankachiyenda pa sitima ya pamtunda. Mu Africa ankatera pa malo ambiri, ena mwa iwo Mbeya, Mpika, Broken Hill amene lero ndi Kabwe, Salisbury amene lero ndi Harare, Bulawayo ndi Johannesburg. Itatha nkhondo yachiwiri, kampani ya BOAC inayendetsa ndege zotera pamadzi, zimene mimba zao zinali ngati za ngalawa. Zinkanyamuka ku Southampton ndi kukatera pa dziwe la Vaal kufupi ndi Johannesburg patatha masiku oposa 4. M'zaka za 1949 ndi 1950 zina mwa ndege zimenezi zinkatera pa Cape Maclear, pa Nyanja ya Malawi, asodzi a m'mabwato alikuzipenya.

5. Za ndege yotchedwa Comet

Pa 2 May 1952 ndege ya mtundu watsopano inanyamuka ku London ndi alendo 36. Dzina lache linali Comet, ndipo inali yoyamba pa dziko lonse kunyamula anthu olipira ndi injini za jeti. Njira imene inasankhidwa inali yomweyi ya ku Johannesburg. Popeza sinkatha kunyamula mafuta okwanira, inatera kasanu panjira: ku Rome, ku Beirut, ku Khartoum, ku Entebbe ndi ku Livingstone, pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya. Njira yokhotakhotayi inali ya makilomita oposa 10,000, ndipo inafika patatha maola 23 ndi mphindi 40. Anthu anazizwa kwambiri pakuona kuti ulendo wa masiku wasanduka wa tsiku limodzi.

Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa 10 January 1954 Comet ina inasweka m'mwamba itangochoka ku Rome, nigwa m'nyanja pafupi ndi chisumbu cha Elba, ndipo anthu onse 35 anafa. Pa 8 April chaka chomwecho inanso, ya pa ulendo wa ku Johannesburg, inasweka chimodzimodzi cha ku Naples, nafa anthu 21. Ndege zonse za mtunduwo zinaimitsidwa.

Akatswiri a ku Farnborough, ku England, analandira zidutswa zobvuulidwa pansi pa nyanja, nazilumikiza chimodzichimodzi. Anatenganso Comet ina yamphumphu, naimiza m'thanki lalikulu la madzi. Ankapopera madzi m'thupi mwache kufikira litafufuma monga limachitira m'mwamba, naphwetsa, napoperanso, usana ndi usiku. Zitachitika chotero kokwanira maulendo oposa 3,000, kuphatikiza amene inauluka kale, chitsulo chinang'ambika pa ngondya ya chibowo cha m'thupi la ndegeyo. Pamenepo chinsinsi chinaululika. Mwana akapinda waya kamodzi saduka, koma akaupinda ndi kuuongola kambirimbiri umaduka pamalo opindawo. Thupi la ndege linkafufuma pokwera ndi kuphwa potsika, ndipo chitsulo chinkatopa, makamaka pa ngondya za mazenera ndi zibowo zina, kumene timing'alu tosaoneka ndi maso tinkakula ulendo ndi ulendo. Zimene anapeza sanazibise, koma anazilengeza kwa onse opanga ndege. Kuyambira pamenepo ndege zimapangidwa zolimba koposa, mazenera ache ali obulungira m'ngondya, ndipo mtundu uli wonse watsopano umayesedwa motere. Anthu 56 aja sanabwerere kwao, koma ambirimbiri oyenda lero amafika bwino chifukwa cha phunziro limene linatengedwa pa imfa yao.

6. Pamene njira inatalikitsidwa ndi anthu

Mtunda wa pakati pa mizinda iwiri susintha, koma njira ingathe kutalika chifukwa cha machitidwe a anthu. M'chaka cha 1963 maiko ambiri a mu Africa, amene anali atangolandira ufulu, analetsa ndege za South African Airways kudutsa pamwamba pao, chifukwa boma la dzikolo linkazunza anthu akuda ndi malamulo a tsankho. Tsono ndegezo zinkazungulira cha kunyanja yamchere, kumadzulo kwa Africa, ndi kumwera mafuta pa zisumbu monga Sal, ku Cape Verde. Ulendo unatalika ndi maola, ndipo mafuta ankapita ambiri. Zinakhala chomwecho kufikira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, pamene malamulo a tsankho anayamba kuchotsedwa, ndipo njira yolunjika inatsegukanso.

7. Za mlendo wochokera kuno

Munthu wa ku Malawi wofuna kutsata njira imeneyi amakwera ndege pa bwalo la Chileka ku Blantyre, kapena pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, kufupi ndi Lilongwe. Kuchokera ku Chileka kufika ku Johannesburg ndi makilomita pafupifupi 1,350, ndipo ndege imatha maola 2 ndi mphindi zowerengeka. Wokwera basi yodzera ku Mwanza, Tete, Harare ndi Beitbridge amatha tsiku lathunthu ndi usiku, ndipo kawirikawiri kuposa apo chifukwa cha kudikira pa zipata za maiko. Ena onka ku London amadzera ku Nairobi kapena ku Addis Ababa. Njira iri yonse imene asankha, ayenera kuwerengera pamodzi maola a m'mwamba ndi maola odikira ndege yachiwiri, pakuti kawirikawiri kudikirako kumatalikitsa ulendo kwambiri. Wosawerengera bwino kusiyana kwa mawochi amauza abale ache nthawi yolakwa, ndipo iwo amakamchingamira iye asanafike, kapena atafika kale nasowa womlandira m'dziko lachilendo.

Oyendetsa ndege, okonza injini ndi oyang'anira mphepo onse anayamba monga ana a sukulu, ndi kuphatikiza, kuchotsa, kuchulukitsa ndi kugawa. Masamu amene mwana alemba lero pansi pa mtengo ndi omwewo amene amatsimikiza kuti mafuta adzakwana kuoloka Sahara usiku.

Mafunso

1. Kodi anthu anadziwa bwanji kuti anamzeze a ku England amafika ku South Africa?
2. Ndege ikathamanga makilomita 900 pa ola, idzayenda makilomita angati pa maola 4? Nanga pa mphindi 20?
3. Chifukwa ninji ulendo wa ku Johannesburg umatha maola 11, si 10?
4. Ndege yanyamuka ku London 9 koloko usiku m'mwezi wa June, niuluka maola 11. Kodi wochi ya ku Johannesburg idzanena nthawi yanji pofika?
5. Tchulani malo asanu amene Comet inatera m'chaka cha 1952, ndipo muwapeze pa mapu.
6. Fotokozani chimene waya wopindidwa kambiri aphunzitsa za ngozi za m'chaka cha 1954.